Zipangizo za magalimoto akale ku Midlands: kumene zimachokera ndi zoyenera kusamala pogula

GWERU, Zimbabwe — Galimoto ikawonongeka ku Mtapa, imodzi mwa malokeshoni akale kwambiri mumzinda wa Gweru, kupeza makaniko sikuvuta. Chovuta n'kupeza chipangizo cholowa m'malo mwa chomwe chathacho, makamaka ngati kampani yomwe idapanga galimotoyo idasiya kalekale kupanga mtundu umenewo.

Vutoli ndi lalikulu m'chigawo cha Midlands, komwe misewu yochokera ku Gweru imalowera ku matauni a migodi monga Shurugwi, Zvishavane ndi Kwekwe. Kumeneku kuli mabanja ambiri a zidzukulu za Amalawi, Azambia ndi Amozambiki omwe adabwera kudzagwira ntchito m'migodi m'nthawi ya atsamunda. Kwa banja lomwe limadya kuchokera pa matola, omwe kuno amawatcha mushikashika, tsiku lomwe galimoto yagona pagalaja ndi tsiku lopanda ndiwo.

Chiyambi cha vutoli

Chizolowezi chosataya galimoto chidayamba kale m'dziko muno. Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wosavomerezeka mu 1965, mayiko adaletsa malonda ndi dziko la Rhodesia, ndipo magalimoto atsopano ndi zipangizo zake zidayamba kusowa. Ngakhale ufulu utabwera mu 1980, ndalama zakunja zinkagawidwa ndi boma, kotero kuti mafakitale olumikiza magalimoto ku Willowvale mumzinda wa Harare ndi ku Mutare ankatulutsa ochepa. Anthu adaphunzira kusunga Peugeot 404, Datsun 120Y kapena Mazda 323 kwa zaka makumimakumi.

Zinthu zidasintha mu 2009, pomwe dziko lidayamba kugwiritsa ntchito ndalama ya America pambuyo pa kukwera mitengo koopsa kwa 2008. Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, monga Honda Fit ndi Toyota Wish, adalowa ochuluka kudzera pachipata cha Beitbridge. Ambiri mwa iwo adapangidwira msika wa ku Japan, choncho masitolo a kuno sadali ndi zipangizo zake. Mu 2021 boma lidakhazikitsa lamulo loletsa kulowetsa m'dziko magalimoto ambiri opitirira zaka 10. Lamulo lotere silichotsa pamsewu galimoto yomwe idalowa kale: imapitiriza kuyenda ndi kukalamba, ndipo imafuna zipangizo.

Njira zitatu

Njira yoyamba ndi malo ophwasulirako magalimoto ochita ngozi kapena otheratu. Tingati ndi kaunjika wa zipangizo. Ogulitsa a m'matauni ang'onoang'ono akasowa chinthu amachifunafuna ku Harare, m'malo monga Gazaland ku Highfield ndi Magaba ku Mbare, kapena kuchiitanitsa ku South Africa. Owerenga a ku Malawi angayerekeze malowa ndi msika wa Ndirande ku Blantyre.

Njira yachiwiri ndi katundu wakale yemwe sadagwiritsidwepo ntchito: zipangizo zenizeni za kampani zomwe zidatsalira pashelefu mtundu wa galimotoyo utasiya kupangidwa. Zimapezeka m'masitolo akale ndiponso pamene galaja kapena kampani ikugulitsa katundu wake potseka.

Njira yachitatu ndi zipangizo zatsopano zopangidwa ndi makampani ena. Zina ndi zolimba ndithu, koma zina ndi zachinyengo zoikidwa m'bokosi lokhala ndi dzina la kampani yodziwika.

Palibe njira yoposa zinzake pa chilichonse. Luso lagona pa kudziwa chipangizo choyenera kugula kumalo aliwonse.

Chitsulo chimapirira, labala amakalamba

Zitseko, magalasi, nyali, mipando ndi zitsulo zikuluzikulu zimagulidwa bwino kwa ophwasula, bola zisakhale ndi dzimbiri kapena ming'alu. Injini ndi giyabokosi zingagulidwenso kumeneko, koma wogula apite ndi makaniko wake, amve injiniyo ikulira ngati n'kotheka, ndipo agwirizane ndi wogulitsa, molemba, masiku omwe angaibweze ikapezeka ndi vuto. Mafuta a injini ooneka ngati mkaka amasonyeza kuti madzi adalowa m'kati.

Katundu wakale wa pashelefu ndi wabwino ngati ali wachitsulo ndipo adasungidwa pouma. Koma labala amauma ndi kung'aluka ngakhale ali m'bokosi. Malamba a injini, mapaipi a madzi ndi timalabala ta m'mabuleki zomwe zakhala zaka 20 pashelefu zingaoneke zatsopano koma zili zakufa kale. Ndi mmenenso alili matayala. Pambali pa tayala lililonse lopangidwa kuyambira mu 2000 pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka: 2318 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2018.

Pali zipangizo zomwe zimasunga moyo: za mabuleki ndi zolumikiza chiwongolero ku mawilo. Izi ziyenera kugulidwa zatsopano, kusitolo yopereka lisiti. Aliyense amene adatsikapo mtsetse wokhotakhota wa Boterekwa, pafupi ndi Shurugwi, galimoto itadzaza anthu, akudziwa kuti ndalama yopulumutsidwa pa mabuleki ingalipidwe ndi maliro. Zikwama za mpweya zoteteza anthu pangozi nazonso n'zosayenera kugula kwa ophwasula. Mamiliyoni a zikwama za kampani ya Takata adaitanitsidwa kuti akasinthidwe chifukwa zina zinkaphulika ndi kumwaza tizitsulo. Kampaniyo idagwa mu 2017, ndipo Honda Fit idali m'gulu la magalimoto okhudzidwa.

Magalimoto apachibale

Chinsinsi china cha amakaniko n'chakuti magalimoto a mayina osiyana nthawi zina amakhala a mimba imodzi. Ford Laser idapangidwa pa maziko a Mazda 323, ndipo Ford Courier pa maziko a Mazda ya mtundu wa B, kotero zipangizo zambiri zimalowana. Injini ya Datsun 120Y ndi ya banja limodzi ndi ya Nissan 1400, kagalimoto konyamula katundu komwe kadapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Peugeot 504 idasiya kupangidwa ku France mu 1983, koma ku Kenya ndi ku Nigeria idapitirira kulumikizidwa mpaka m'zaka za m'ma 2000. Chifukwa cha ichi, zipangizo za magalimotowa zidakhalitsa pamsika wa mu Africa kuposa ku Ulaya.

Komanso dzina limodzi likhoza kubisa magalimoto osiyana. Honda Fit yoyamba, ya 2001, nambala yake imayamba ndi GD, pomwe ya 2007 imayamba ndi GE, ndipo zipangizo zambiri sizilowana. Ndiye wogula asamangotchula dzina la galimoto. Atenge nambala ya chasisi, nambala ya injini, ndi chipangizo chakufacho m'manja kuti akachifananize. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chenjerani ndi zakuba

Msika wa zipangizo zakale umakopanso mbava, chifukwa galimoto yobedwa ikaphwasulidwa imavuta kuilondola. Injini ili ndi nambala yomwe imalembedwa m'buku la galimoto. Woika injini ina ayenera kusunga lisiti yokhala ndi nambalayo ndi dzina la wogulitsa, ndi kukasinthitsa zolembedwa m'bukulo kudzera kupolisi ndi ku ofesi yolembetsa magalimoto. Izi n'zofunika kwambiri kwa owoloka malire kupita ku Tete, Lilongwe kapena Lusaka. Injini yomwe nambala yake yapalidwa ndi yoyenera kuisiya pomwepo, ngakhale mtengo wake utatsika bwanji.

Nkhokwe ya zipangizozi ikutha pang'onopang'ono. Galimoto iliyonse yakale yomwe yagulitsidwa kwa osungunula zitsulo imapita ndi zipangizo zomwe sizidzapangidwanso. N'chifukwa chake eni ena a Peugeot ndi Datsun amagula galimoto yachiwiri yakufa n'kuiimika kuseri kwa nyumba, kuti izidyetsa inzake yomwe ikadali pamsewu.