Mano a m'Difu ndi Zitunda za kwa Msakambewa

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, misewu ya kwa Msakambewa m'boma la Dowa imadzaza ndi magalimoto a bokosibode, amene ena amati pikapu, atasenza mabelo a fodya opita ku okushoni ku Kanengo, kapena matumba a chimanga, mtedza ndi soya opita ku Mponela ndi ku Lilongwe. Munthu woima m'mbali mwa msewu amaona chinthu chozizwitsa. Magalimoto awiri a mtundu umodzi, a injini zofanana ndi katundu wofanana, akafika pa chitunda chimodzi, ina imakwera ikulira bwino, pamene inzake imatsamwa, kalachi nkuyamba kununkha, mpaka anyamata kudumpha kuti akaike miyala kumatayala. Anthu amafulumira kunena kuti injini yatha, kapena kuti dalaivala ndi wosadziwa ntchito. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Komatu kawirikawiri chinsinsi chimakhala m'chitsulo chonga mphika chimene chili pakati pa matayala akumbuyo, chimene amakaniko amachitcha difu.

Injini imazungulira kambirimbiri, kufika zikwi ziwiri kapena zitatu pa mphindi imodzi, ndipo tayala silingathamange motero. Tsono liwirolo limachepetsedwa kawiri. Poyamba limachepetsedwa m'giyabokosi, mmene dalaivala amasankha giya ndi dzanja lake. Kuchoka apo mphamvu imayenda ndi shafiti yaitali ya pansi pa galimoto kukalowa m'difu, ndipo mmenemo muli magiya awiri amene dalaivala sangawasinthe ali pa ulendo: laling'ono la mano ochepa limazunguza lalikulu la mano ambiri. Ngati lalikulu lili ndi mano 41 ndipo laling'ono lili ndi 10, shafiti imazungulira ka 4.10 kuti matayala azungulire kamodzi. Laling'ono likakhala ndi mano 9, nambalayo imakwera kufika 4.56. Pali ena a mano 39 ndi 8, amene nambala yawo ndi 4.88. Onsewa akhala akupezeka m'magalimoto akale a Toyota Hilux, ndipo kunja kwake amaoneka chimodzimodzi.

Dzino limodzi lokha lingasiyanitse bwanji magalimoto pa chitunda? Makaniko akakanika kumasula nati yomwa dzimbiri, amalowetsa paipi ku sipanala kuti italike. Mkono wake ndi womwewo, koma nati imagonja. Chimene wataya nchakuti dzanja layenda mtunda wautali kuti nati isunthe pang'ono. Difu ya nambala yaikulu ili ngati paipi yaitaliyo. Ya 4.56 imapatsa matayala mphamvu yoposa ya 4.10 ndi magawo 11 pa 100 aliwonse, m'giya iliyonse, ndipo magawo amenewa ndiwo amathandiza galimoto yolemedwa kunyamuka pakati pa phiri popanda kuotcha kalachi. Nchifukwa chake Land Rover yakale ija, imene inkafika kumene msewu unalibe dzina, inali ndi difu ya 4.7.

Koma mphamvuyi ili ndi mtengo wake. Galimoto ikatsika m'mapiri ndi kulowa msewu wa tala wa M1, pa liwiro limene injini ya difu ya 4.10 ikuzungulira ka 2,700 pa mphindi, ya 4.56 imazungulira ka 3,000. Phokoso limakula, mafuta amapita ambiri, injini imakalamba msanga. M'dziko limene mafuta ake amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, imeneyi si nkhani yochepa. Motero wamalonda amene ulendo wake waukulu ndi wa pa tala, wonyamula katundu wopepuka, sapindula ndi difu imene ingapulumutse mlimi wa kuseri kwa phiri la Ntchisi.

Nambala ya difu payokha siinena zonse, pakuti iyenera kuyang'anidwa pamodzi ndi injini imene ikuizunguza. Ogula ambiri amafunsa za kukula kwa injini basi, ati ndi ya malita angati. Wokoka katundu ayenera kufunsanso za mphamvu yopotokola, imene m'mabuku a galimoto imalembedwa ndi zilembo za Nm, ndiponso kuti mphamvuyo imabwera injini ikuzungulira motani. Injini ya petulo imafuna kuthamangitsidwa kuti ionetse nyonga zake. Ya dizilo imakoka ikuyenda pang'onopang'ono, monga ng'ombe yapangolo, ndipo pa ntchito yomweyo imamwa mafuta ochepa. Injini ya dizilo ya malita 2.8 yotchedwa 3L, imene inali m'ma Hilux ambiri a m'zaka za m'ma 1990, inkapereka 188 Nm ikuzungulira ka 2,400. Injini ina ya malita 2.8 omwewo, imene Toyota inatulutsa mu 2015, inabwera ndi turbo ndipo inkapereka 420 mpaka 450 Nm. Popeza mkono wakula chotere, paipi yaitali siifunikanso. Magalimoto atsopanowa amakhala ndi difu ya 3.58 kapena 3.91, komabe amakoka kuposa akale aja. Munthu woika difu ya 3.58 kumbuyo kwa injini yakale ya 3L wadzigulira galimoto yoyenera chigwa, osati Dowa.

Mapiri ali ndi msonkho winanso umene suoneka ndi maso. Injini imapuma mpweya, ndipo mpweya umapepuka munthu akamakwera. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 a mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse okwera. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene boma la Dowa lili pa mamita oposa 1,300. Kotero galimoto yochoka ku Salima ndi nsomba kapena mpunga, nkukwera kudzera ku Mvera ndi Chezi, imafooka pamalo pomwe ikufunika nyonga zambiri, ndipo ya dizilo imayamba kufuka utsi wakuda chifukwa mafuta akuchuluka kuposa mpweya. Turbo imakankhira mpweya m'injini mokakamiza, motero kutayako kumachepa kwambiri.

Apa wina angaganize kuti nkhani yatha, aliyense agule yatsopano. Sizili choncho. Injini zatsopano zimapopera mafuta kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, ndipo dizilo wa m'zigubu wosakanizika ndi madzi, fumbi kapena palafini amaziwononga msanga. Zikadwala zimafuna kompyuta ndi ndalama zambiri. Yakale ija ndi yaulesi pa chitunda, koma makaniko wa pa Mponela amaitsegula pansi pa mtengo nkuibweza pa msewu. Kwa mlimi wokhala kutali ndi tauni, injini yofatsa yokhala ndi difu yoiyenera ndi chuma chodalirika kuposa injini yamphamvu imene palibe woidziwa pafupi.

Mavuto ambiri amayamba galimoto ikakonzedwa ndi zitsulo zogula ku magalimoto ophwasulidwa. Difu ikafa, mwini wake amagula iliyonse imene yalowa pamalopo, osawerenga mano, kenaka nkumadabwa kuti galimoto yasintha khalidwe. Kwa galimoto yokoka ndi matayala onse anayi ngozi yake ndi yaikulu, pakuti difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kukhala za nambala imodzi; zikasiyana zimalimbana mpaka china chithyoke. Ena amaika matayala akuluakulu kuti galimoto ikwere m'mwamba pothawa matope a dzinja, osadziwa kuti afupikitsa paipi ija. Tayala likakula ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, difu ya 4.56 imagwira ntchito ngati ya 4.15, ndipo wotchi ya liwiro imayamba kunama, kuonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni.

Kudziwa nambala ya difu sikulira kumasula kanthu. Galimoto iimikidwe pamalo athyathyathya, matayala akutsogolo atchingidwe ndi miyala, giya ichotsedwe, handibuleki imasulidwe, ndipo tayala limodzi lakumbuyo likwezedwe ndi jeke. Choko chilembedwe pa tayalalo ndi pa shafiti. Wina azunguze tayala kawiri ndendende, mnzake akuwerenga kuzungulira kwa shafiti ali chapambali, osalowa pansi. Ikazungulira kanayi ndi pang'ono, ndi 4.10, kanayi ndi theka, ndi 4.56, ikatsala pang'ono kukwana kasanu, ndi 4.88. Pa difu wamba njira imeneyi siinama.

Tsono pali malire amene difu kapena injini sizingasunthe. Bokosibode ya tani imodzi inapangidwira matumba 20 a makilogalamu 50, kapena mabelo a fodya okwana khumi, poti belo limalemera pafupifupi makilogalamu 100. Ndipo anthu a matola okhala pamwamba pa katundu nawonso ali ndi sikelo yawo. Ka Nissan 1400, kamene kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008, nkoyenera theka la katundu ameneyo, ngakhale kamaoneka katasenza ngati lole. Difu ya nambala yaikulu imanyenga mwini galimoto, chifukwa imanyamutsa katundu amene masipuling'i, matayala ndi mabuleki sangamupirire. Pa nkhani yokoka ngolo, opanga magalimoto otere amalola makilogalamu 750 okha ngati ngoloyo ilibe mabuleki akeake. Matani atatu ndi theka amene amatchulidwa pa magalimoto ena atsopano ndi a ngolo ya mabuleki.

Chitunda chilichonse cha kwa Msakambewa chili ndi mtsetse kuseri kwake, ndipo kumeneko ngolo imene inkakokedwa imasanduka yokankha. Mabuleki akapondedwa kosalekeza amatentha, mafuta ake nkuwira, phazi nkungolowa pansi popanda chogwira. Madalaivala akale a msewu wa Ntchisi ankatsika phiri ndi giya yomwe anakwerera, kuti injini igwire galimoto, ndipo apa difu ya nambala yaikulu imathandizanso, pakuti imachulukitsa kugwirako monga momwe imachulukitsira kukoka. Giyayo imalowetsedwa galimoto isanayambe kutsetsereka, ikadali pamwamba. Amene amachotsa giya pa mtsetse kuti asunge mafuta amasiya matani awiri kapena atatu m'manja mwa mabuleki okha, pa msewu wa miyala wokhotakhota umene mmunsi mwake nthawi zambiri mumakhala kamlatho kopapatiza.