Mdala amene anamanga dziko lake pamadzi

Aliyense amene anakhalapo pa lendi muno mu Lusaka adziŵa maloto aja amene amabwela mwezi ukatha, a landilodi akagogoda pa citseko: kuti tsiku lina nanenso nikakhale na kapuloti kanga-kanga, kopanda munthu woniuza zocita. Ku Italy kunali mdala wina amene maloto amenewa anapita nawo patali maningi. Puloti inamucepela. Iye anafuna dziko.

Dzina lake anali Giorgio Rosa, injiniya wa ku Bologna. Masiku amenewo malile a Italy anali kuthela pa mamailosi 6 kuloŵa m'nyanja, ndipo kupitilila apo madzi sanali a boma lililonse. Rosa anapima bwino-bwino napeza malo m'nyanja ya Adriatic, makilomita 11 kucokela ku tauni ya Rimini, kunja pang'ono cabe kwa mzele uja. Pamenepo anazika mizati 9 ya citsulo, pamwamba pake namangapo silabu. Ukulu wake? Monga puloti ya 20 by 20, imene ife timakangana kuti yacepa. Anaboola pansi pa nyanja monga borehole, napeza madzi akumwa.

Pa 1 May 1968 analengeza kuti malowo ni dziko lodziimila paokha. Pulezidenti anali iye mwini, anzake n'kukhala nduna. Mbendela inalipo, masitampa anadinda, ndalama anaipatsa dzina lakuti milo olo kuti sinapangidwe konse. Dzikolo analicha Insulo de la Rozoj, kutanthauza Cilumba ca Maluŵa a Rozi, ndipo mwaona kale kuti dzina la mwiniwake labisala mmenemo.

Mau amenewo si Citaliyana. Ni Esperanto, cinenelo cimene dokotala wa maso, L. L. Zamenhof, anapanga nacitulutsa mu 1887 ku Warsaw. Iye anakulila ku Białystok, tauni ya mitundu yosiyana-siyana imene inali kukhala mokayikilana, ndipo anaganiza kuti anthu akakhala na cinenelo cimodzi cosavuta kuphunzila, cimene si ca mtundu uliwonse, cidani cingacepe. Ife kuno cinenelo ca conco tinacipeza popanda dokotala, cinazimelela cokha m'maketi na m'maminibasi. Koma Rosa sanali kufuna kugwilizanitsa mitundu. Esperanto inamuthandiza cabe kuonetsa kuti pano si pa Italy. Anacita kuvala cinenelo monga jekete yobweleka.

Cimene cinaononga zinthu ni ndalama. Rimini ni tauni ya alendo okaceza ku nyanja, ndipo nkhani itamveka, maboti anayamba kunyamula anthu kupita kukaona dziko lacilendo lija. Akuluakulu a boma ku Rome anaona munthu amene afuna kudyela pa alendo a Italy popanda kupeleka msonkho ku Italy. Kaili boma lingaseke mbendela yako, koma msonkho saseka nawo.

Pa 25 June, patapita masiku 55 cabe, apolisi anafika na maboti, nalanda malowo popanda kuwombela mfuti. Rosa ati dziko lake laloŵeledwa na asilikali acilendo. Anapita kukhoti, anagonja. Palibe dziko olo limodzi limene linamuimilila, cifukwa palibe limene linali litamuvomeleza. Mu February 1969 asilikali a pamadzi anabwela na mabomba. Apa tim'patse ulemu mdala uyu: anaphulitsa koyamba, cinthu sicinagwe. Anabwelelanso kaciŵili, ndipo zotsala zinamalizidwa na cimphepo. Amene anaonapo cigilimani ca khonsolo cikugwetsa nyumba yomangidwa popanda mapepala adziŵa mmene mwiniwake amaimila.

Mnzake wa ku Britain, Roy Bates, anacita mwayi. Sealand, imene analengeza mu 1967 pa nsanja yakale ya nkhondo, ikali ciimile, ndipo banja lake ligulitsa maudindo aufumu pa intaneti, ngakhale kuti nayonso palibe boma loivomeleza. Kwa amene angafune kuyesa lelo, mpata uja anautseka. Pangano la United Nations la 1982 lilola maiko kutenga mamailosi 12, ndipo likamba kuti cinthu comanga na manja panyanja siciŵelengedwa monga cilumba.

Rosa anamwalila mu 2017 ali na zaka 92, filimu ya Netflix yokamba za iye isanatuluke mu 2020. Zitsulo zake zikali pansi pa madzi kufupi na Rimini, kumene akatswili omila anazipeza mu 2009.