MKANGANO WA M'MASUKULU A KU BRITAIN: Kodi Mphunzitsi Alankhule Kapena Akhale Cete?

Usiku uno tisiye pang'ono nkhani za kuno kwathu, tioloke nyanja tipite ku Britain, kumene kuli mkangano umene wakhala m'masukulu zaka zoposa 35. Mkanganowo wagona pa funso ili: kodi mphunzitsi, pofuna kuletsa ana kuzunza anzao, ali nao ufulu wakuuza anawo kuti pa dziko alipo amuna amene amakonda amuna anzao, ndi akazi amene amakonda akazi anzao, monga momwe mwamuna akondera mkazi? Ena ati inde, ena ati iai. Ndidziwa kuti nkhani yotere siikambidwa kawiri-kawiri pa bwalo, ndipo ena a inu mwina mwayamba kale kuyang'ana pansi. Koma pakati pa mkanganowo paima mwana wa sukulu, ndipo cifukwa ca mwanayo ndiyesa nkwabwino kuti timve m'mene zinthu zinayendera.

Tiyambe ndi kuzunzako. Yense amene anakhalapo pa sukulu adziwa kuti ana ali ndi nkhanza zao-zao. Amapezerera mnzao wofooka, namulanda cakudya, namupatsa dzina loipa, namumenya kuseri kwa nyumba kumene aphunzitsi saona. M'masukulu a ku Britain, limodzi la maina amene ana akhala akutukwana nao kwambiri ndilo liu lakuti "gay," limene litanthauza munthu wokonda mwamuna mnzace kapena mkazi mnzace. Kawiri-kawiri mwana wotukwanidwayo sali wotero konse. Mwina ndi mnyamata wa mau ofatsa amene sakonda mpira, mwina ndi mtsikana wokonda masewera a anyamata. Ena ali oterodi, ndipo angoyamba kumene kuzindikira za mumtima mwao, ali ndi mantha, alibe womuuza. Onsewa ululu wao ndi umodzi. Ena amaleka sukulu, ndipo ena anafika pakudzipha.

LAMULO LA 1988

Kufikira caka ca 1967, kugonana kwa amuna okha-okha kunali mlandu ku England. M'caka cimeneco Nyumba ya Malamulo inabvomereza kuti amuna a zaka 21 kapena kuposa asaimbidwenso mlandu pa zimene acita mseri. Koma lamulo lingasinthe lero, mitima ya anthu isintha pang'ono-pang'ono. M'zaka za m'ma 1980 kunabuka nthenda ya Edzi, ndipo popeza ambiri amene anayamba kudwala kumeneko anali amuna otere, mantha ndi cidani zinakula. Pamene anthu anafunsidwa maganizo ao mu 1987, atatu mwa anai alionse anati mcitidwewo ngwolakwa.

Pa nthawi yomweyo makhonsolo ena a mizinda, amene ndiwo anali kuyang'anira masukulu a Boma, anayamba kunena kuti ana aphunzitsidwe kusanyoza anthu otere. Mu 1986 manyuzipepala anacita phokoso lalikulu ndi kabuku ka ana kochedwa Jenny Lives with Eric and Martin, kolembedwa ndi mai wa ku Denmark, Susanne Bösche, kamene kanapezeka m'nyumba ya mabuku ya akulu a maphunziro mu London. Kabukuko kasimba za mtsikana wokhala ndi atate wace pamodzi ndi mwamuna amene atatewo anali kukhala naye. Makolo ambiri anakwiya. Mu October 1987 Nduna Yaikulu, Mai Margaret Thatcher, anadandaula pa msonkhano wa cipani cao ca Conservative kuti ana amene ayenera kuphunzira mwambo wabwino wa makolo alikuphunzitsidwa kuti ali ndi ufulu wakukhala otero.

Motero pa 24 May, 1988, linayamba kugwira nchito lamulo limene anthu alidziwa ndi dzina lakuti Section 28, ndiko kuti ndime ya 28 ya lamulo la makhonsolo la caka cimeneco. Linati khonsolo isalimbikitse dala cikondi ca amuna okha-okha kapena akazi okha-okha, ndiponso isalimbikitse masukulu a Boma kuphunzitsa kuti anthu otere akakhala pamodzi ndilo banja lobvomerezeka.

Otsutsa lamuloli sanakhale cete. Mu February 1988 anthu monga 20,000 anayenda pa mseu mu Manchester. Akazi ena anatsika ndi zingwe kulowa m'cipinda ca House of Lords, nyumba yaciwiri ya malamulo. Usiku wa pa 23 May akazi ena analowa m'cipinda ca BBC pamene Mai Sue Lawley anali kuwerenga nkhani za 6 koloko pa wailesi ya kanema, ndipo dziko lonse linamva kupfuula kwao. Ian McKellen, katswiri wa masewero, anaulula pa wailesi kuti iyenso ndi mmodzi wa anthu amenewa, ndipo mu 1989 iye ndi anzace anayambitsa bungwe la Stonewall lakuwalankhulira.

ZIMENE LAMULO LINACITA M'KALASI

Tsopano mverani cinthu codabwitsa. Pa zaka zonse zimene lamuloli linakhalapo, palibe ndi mmodzi yemwe amene analangidwa nalo pa bwalo la milandu. Ndiponso ku England lamuloli linamanga makhonsolo okha, osati mphunzitsi m'kalasi mwace, pakuti lamulo lina la 1986 linali litapereka kale nkhani ya maphunziro a za ukwati ndi thupi m'manja mwa komiti ya sukulu iri yonse. Koma aphunzitsi ambiri sanadziwe zimenezi, ndipo amene anadziwa sanafune kuika nchito yao pa ngozi. Liu lakuti "kulimbikitsa" silinamasuliridwe bwino. Kodi mphunzitsi akauza ana kuti, "Lekani kumtukwana mnzanu, munthu wotero ndi munthu ngati inu," walimbikitsa kapena sanalimbikitse? Mwana akabwera alikulira, nanena za mumtima mwace, mphunzitsi amyankhe ciani? Ambiri anaona kuti njira yopanda ngozi ndiyo kutseka pakamwa ndi kuyang'ana kumbali.

Mu 1997 akatswiri a ku Institute of Education mu London anafunsa masukulu a sekondale 307. Mwa aphunzitsi 100 alionse amene anayankha, 82 anati alikudziwa kuti m'sukulu mwao ana amatukwanidwa ndi maina otere, ndipo 26 anati alikudziwa za ana omenyedwa pa cifukwa comweco. Pafupi-fupi masukulu onse anali ndi malamulo olembedwa oletsa kuzunzana, koma 6 okha mwa 100 ndiwo anachula kuzunza kwa mtundu umenewu. Apa mpamene pagona mutu wa nkhani yathu. Nthenda yosachulidwa dzina ibvuta kuipezera mankhwala. Ana, poona kuti mphunzitsi amalanga mau ena onse oipa koma pa liu ili amangokhala cete, anayesa kuti liuli nlololedwa.

MAU A MBALI INAYO

Tisayese kuti onse amene anafuna lamuloli anali anthu oipa mtima. Ambiri anali makolo okonda ana ao, ndipo mau ao anali awa: mwana ngwa makolo, si wa Boma. Kuphunzitsa za ukwati ndi banja ndi udindo wa pa nyumba ndi wa cipembedzo. Sukulu iletse kumenya ndi kutukwana kwa mtundu uli wonse, koma isapitirire kukauza mwana kuti cinthu cimene makolo ace amacicha colakwa ncabwino. M'mera mpoyamba, iwo anatero, ndipo cimene mwana wamng'ono amva kwa mphunzitsi cimamera mizu.

Mphamvu ya maganizo amenewa inaoneka ku Scotland m'caka ca 2000, pamene Nyumba ya Malamulo yatsopano ya dzikolo inafuna kucotsa lamuloli. Brian Souter, mkulu wa kampani ya mabasi ya Stagecoach, analipira ndalama zace kutumiza makalata ofunsa anthu maganizo ao, ndipo oposa miliyoni imodzi anayankha kuti lamulo likhale. Cardinal Thomas Winning wa mpingo wa Katolika anali mbali yomweyo. Koma amene sanabweze makalatawo anali ambiri koposa amene anabweza, ndipo pa 21 June, 2000, aphungu 99 anabvomereza kuti lamulo licoke, 17 nakana.

Ku England a House of Lords, motsogoleredwa ndi Baroness Young, anakana kulicotsa m'caka comweco. Koma taonani cimene cinacitika: Nyumba ya Malamulo inaonjezera mau pa lamulolo, akuti palibe cimene ciletsa mphunzitsi kapena mkulu wa sukulu kucitapo kanthu pa kuzunzana kwa mtundu uli wonse. Mau otere sakadafunika kukadakhala kuti aphunzitsi sanali kuopa. Lamulo lonse linacotsedwa ku England ndi Wales pa 18 November, 2003. Mu 2009 David Cameron, mtsogoleri wa cipani comwe cija cinapanga lamuloli, anapepesa poyera, nati cipani cace cinalakwa.

MKANGANO UBUKANSO KU BIRMINGHAM

Mwina mungayese kuti nkhani inathera pamenepo. Iai. Mu 2010 kunapangidwa lamulo la Equality Act, loletsa kusankha anthu cifukwa ca mtundu, cipembedzo, kulemala, kapena cifukwa ca munthu amene amkonda. Ndipo kuyambira 2014 amuna awiri kapena akazi awiri angathe kukwatirana mwa lamulo ku England. Mphunzitsi wina wa mu mzinda wa Birmingham, Andrew Moffat, anakonza maphunziro a ana ang'ono ochedwa No Outsiders, ndiko kunena kuti pasakhale wosalidwa. Anali kugwiritsa nchito mabuku a zithunzi osimba za anthu osiyana-siyana: akuda ndi oyera, olemala, a zipembedzo zina, ndiponso ana amene ali ndi amai awiri kapena atate awiri.

Kuciyambi kwa 2019 makolo a pa sukulu yace ya Parkfield, amene pafupi-fupi onse ndi Asilamu, anayamba kusonkhana pa cipata ndi zikwangwani. Anati ana a zaka 4 kapena 5 ngocepa kumva zotere, kuti maphunzirowo atsutsana ndi cipembedzo cao, ndi kuti sukulu siinawafunse. Tsiku lina m'mwezi wa March ana mazana ambiri sanatumizidwe ku sukulu, ndipo maphunzirowo anayamba aimitsidwa. Mkangano unafalikira ku sukulu ina ya Anderton Park, kumene kunali kupfuula ndi zokuzira mau pa cipata masabata ambiri, ana ali m'kalasi alikumva zonse. Njobvu zikamamenyana umabvutika ndi udzu. Khonsolo ya mzindawo inapita ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo mu November 2019 woweruza analamula kuti misonkhano yotere isacitikenso pafupi ndi sukuluyo. Anatinso zina zimene ocita zionetserowo anali kufalitsa za maphunziro a pa sukulupo sizinali zoona.

Ku Parkfield zinatha mwa njira ina. Aphunzitsi ndi makolo anakhala pansi miyezi ingapo, naonetsana mabuku, ndipo mu September 2019 maphunzirowo anayambanso atakonzedwa mwina ndi mwina. Si onse amene anakondwa, koma ana anabwerera m'kalasi.

Kuyambira September 2020, masukulu onse a pulaimale ku England ayenera kuphunzitsa za mabanja, ubwenzi, ulemu ndi kuipa kwa kuzunzana, ndipo a sekondale aonjezerapo za kugonana ndi za malamulo ace. Kholo lingathe kupempha kuti mwana wace asalowe m'maphunziro a za kugonana, koma silingathe kumcotsa m'maphunziro a za mabanja ndi kukhala bwino ndi anzace. Ndiponso sukulu iri yonse ilamulidwa kufunsa makolo pokonza dongosolo lace la maphunzirowa. Mu 2025 Boma linalembanso malangizo atsopano, ndipo kukambirana kukali kupitirira.

TITOLEPO CIANI?

Anzanga omvera, mukayang'anitsitsa muona kuti mu mkanganowu muli mafunso awiri amene apotana ngati cingwe. Loyamba ndi lakuti, ndani ayenera kuuza mwana cabwino ndi coipa pa za ukwati? Pa funso ili anthu a ku Britain sanamvanebe, ndipo kapena sadzamvana msanga, pakuti likhudza cikhulupiriro ca munthu. Laciwiri ndi lakuti, mwana akamazunzidwa pa bwalo la sukulu, ndani amteteze? Pa funso ili mbali zonse ziwiri zibvomerezana kuti ndi mphunzitsi, pakuti kuyambira m'mawa kufikira madzulo iye ndiye mai ndi tate wa mwanayo.

Bvuto la lamulo la 1988 linali lakuti, pofuna kuyankha funso loyamba, linamanga manja a mphunzitsi pa funso laciwiri, ndipo amene analipira mtengo wace anali ana amene sanapange nao lamulolo. Za ku Birmingham zinaonetsa mbali inayo: sukulu ikayamba kuphunzitsa nkhani yolemera cotere makolo asanaone mabuku ndi maso ao, mphekesera zimathamanga koposa coonadi, ndipo cipata ca sukulu cisanduka bwalo la nkhondo. Kumene zinthu zinayenda bwinoko ndi kumene mphunzitsi analoledwa kuchula dzina la nkhanzayo ndi kuiletsa, makolo naitanidwa kudzaona cimene ana ao aphunzira.

Kholo lingathe kusunga cikhulupiriro cace conse, nkuuzabe mwana wace kuti kutukwana ndi kumenya mnzace nkoletsedwa, kaya mnzaceyo ndi wotani. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanachulepo kuti koma uyu yekha iai. Palibe kholo limene lidziwa ngati mwana amene adzabwera ku nyumba mawa malaya atang'ambika sadzakhala wace.

Zathera pamenepa za usiku uno. Gonani bwino nonse.