Inshuwalansi ya Galimoto Yakale Yaliwiro Imene Ili Yachiwiri Pakhomo

M'nkhani yathu ya lero tikambirana za chinthu chimene ambiri a ife timachikumbukira ngozi itagwa kale, ndicho inshuwalansi ya galimoto yachiwiri, makamaka ikakhala yakale ndi yaliwiro.

Titenge chitsanzo cha Kasisi, m'boma la Chongwe, mtunda wa makilomita ngati 30 kuchokera mu mzinda wa Lusaka, kumene ansembe achiJezuiti anakhazikitsa mishoni mu 1905 ndi sukulu ya zaulimi mu 1974. Tiyerekeze kuti inu muli ndi munda kumeneko. Galimoto imene imakugwirirani ntchito tsiku ndi tsiku ndiyo vaneti yonyamulira ndiwo kupita nazo ku msika wa Soweto. Koma kuseri kwa nyumba muli ndi ina, mwina Datsun SSS imene anakusiyirani atate anu, mwina Subaru Impreza imene munaigula chifukwa cha chikondi chabe, ndipo mumaitulutsa pa Sande kapena pa ukwati pokha. Kodi nayonso ifunika inshuwalansi?

Yankho ndi lakuti inde. Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act, la mu 2002, likunena kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu wa onse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, imene amaitcha third party. Lamuloli siliwerenga masiku amene galimoto yayenda. Ngakhale ulendo umodzi pachaka ndi ulendo ndithu. Inshuwalansi ya vaneti yanu siifikira galimoto inayo, pakuti pangano lililonse limatchula nambala ya galimoto yakeyake. Ndiponso a bungwe la RTSA sadzakudulirani msonkho wa pamsewu mulibe inshuwalansi.

Chifukwa cha lamuloli sichovuta kuchimvetsa. M'misewu ya ku Kasisi mumayenda ana a sukulu, anthu apanjinga ndi ziweto. Galimoto yokhalitsa osayenda imaonongeka mwakachetechete: matayala amang'aluka, mabuleki amafooka, koma injini yamphamvu ija imathamangabe monga kale. Chakudza sichiimba ng'oma. Mukavulaza munthu mulibe inshuwalansi, chipukutamisozi chonse chidzachokera m'thumba mwanu, ndipo ng'ombe kapena munda zingathere pamenepo. Dziwaninso kuti third party ili ndi malire a ndalama zimene kampani ingalipire. Zopitirira pamenepo ndi zanu. Motero funsani malirewo, ndipo ngati mungathe, onjezani ndalama pang'ono kuti akwezedwe.

Mitundu ya inshuwalansi ya galimoto ilipo itatu. Woyamba ndi third party tatchulayu, amene amalipira anthu ena okha, osati galimoto yanu. Wachiwiri amaonjezapo moto ndi kuba. Wachitatu, wotchedwa comprehensive, amalipiranso kuonongeka kwa galimoto yanu pangozi. Makampani ena amakana kupereka mtundu wachitatuwu kwa galimoto yakale kwambiri, ena amayamba aiona ndi kuiyesa mtengo.

Apa tsono ndi pamene pagona nkhani. Mwambo wa inshuwalansi ndi kubwezera munthu pamene anali ngozi isanachitike, osati kumpindulitsa. Kaamba ka ichi, kampani imalipira mtengo umene galimoto ikanagulidwa nawo pamsika tsiku la ngoziyo. Kwa galimoto wamba, mtengowu sabvuta kuupeza. Koma Datsun ya zaka makumi asanu, imene mwaithera ndalama zambiri poikonza injini, mipando ndi utoto, woyesa mitengo angaione ngati chiphakasa chabe. Njira yopewera mkangano ndiyo kupangana mtengo poyambirira. Pemphani kuti katswiri wovomerezeka ndi kampaniyo aiyese, mtengo ulembedwe m'pangano, ndipo mufunse momveka ngati adzalipira mtengo wopanganawo kapena wa pamsika. Sungani malisiti ndi zithunzi, ndipo white book ikhale m'dzina lanu, osati la malemu atate anu.

Musachepetsenso mtengo dala pofuna kulipira zochepa. Tiyerekeze kuti galimoto yanu ndi ya K120,000, koma inu mwalembetsa K60,000. Pamenepo mwatchinjiriza theka lokha. Ikaonongeka mofuna K40,000, kampani ingathe kulipira K20,000 yokha, nkuchotsaponso gawo limene mwini amalipira yekha pangozi iliyonse, lotchedwa excess. Kukweza mtengo mopitirira nakonso ndi kutaya ndalama, pakuti sadzakupatsani zoposa zimene mwataya.

Chachiwiri ndi kunena zoona. Pangano la inshuwalansi limaima pa kukhulupirirana. Ngati munasintha injini, kuika turbo kapena kutsitsa galimoto, nenani. Ngati mwana wanu wachinyamata adzayendetsako, mtchuleni, chifukwa kwa oyendetsa achichepere excess imakhala yokwera. Mukabisa zotere, kampani ili ndi mphamvu yokana kulipira. Dziko lathu limanyadira mipikisano ya magalimoto, pakuti a Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yense kasanu ndi katatu. Koma inshuwalansi wamba siteteza galimoto pa mpikisano kapena poyesa liwiro. Wolowa mpikisano afunika pangano lapadera.

Popeza galimotoyi ndi yachiwiri, pali mafunso ena oyenera kufunsa. Kawirikawiri kuchotsera kumene mumalandira chifukwa chokhala zaka osachita ngozi kumatsata galimoto imodzi; funsani ngati angakuganizireni pa yachiwiri, makamaka mukaika zonse ku kampani imodzi. Auzeni kuti imayenda pang'ono ndiponso imagona m'nyumba yotseka. Ikakhala miyezi yambiri ikukonzedwa osatuluka, funsani za pangano la moto ndi kuba lokha. Funsaninso chimene adzachita ngati zipangizo zake sizipezeka m'dziko muno, pakuti mapangano ambiri salipira mtengo wonse woziitanitsira kunja.

Mukafuna kukaona abale ku Malawi, kudzera mu Great East Road mpaka ku Mwami ndi ku Mchinji, gulani Yellow Card ya COMESA musananyamuke, pakuti third party ya kuno siigwira ntchito kutsidya kwa malire.

Pomaliza, samalani kumene mukugula. Kale zonsezi zinali m'manja mwa Zambia State Insurance Corporation, imene boma linakhazikitsa mu 1968, koma kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 makampani achuluka. Onse amayang'aniridwa ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority, limene limapereka ziphaso ndi kulandira madandaulo. Musagule pepala kwa munthu wongoima pamsewu. Onani chiphaso chake, ndipo landirani lisiti.

Safunsa anadya phula. Musanatulutse galimoto ija pa Sande likudzali, tengani mapepala ake, muwerenge tsiku lothera, dzina la mwini, mtengo wolembedwa ndi maina a oyendetsa. Chimene simukuchimvetsa, kafunseni lero, galimoto ikali yathunthu. Tsalani bwino, ndipo muyende mosamala.