Zimene magazi amaulula za mankhwala ndi khansa

Anthu awiri odwala khunyu atha kumamwa mapiritsi a mtundu umodzi, mlingo wofanana, pa nthawi yofanananso. Wina n'kusiya kugwa, n'kubwerera kumunda. Mnzakeyo n'kuyamba kudzandira poyenda, lilime kulemera, maso kuona zinthu ziwiriziwiri. Piritsi ndi lomwelo, koma matupi ndi awiri. Chiwindi cha wina chimaphwanya mankhwala msanga, cha wina chimachedwa. Impso za mnyamata zimasefa mwachangu, za agogo zinafooka. Chofunika kwa dokotala ndi kuchuluka kwa mankhwala amene atsala m'magazi, ndipo zimenezo amazidziwa poyeza magaziwo ku labotale.

Mankhwala osafuna kulakwitsa mlingo

Mankhwala ambiri safuna kuyeza kotere. Koma alipo ena amene mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza zinayandikana kwambiri. Ali ngati feteleza pa phando la chimanga: akachepa mmera umanyozoloka, akachuluka umapsa.

Phenytoin, mankhwala a khunyu, ali m'gululi. Kwa anthu ambiri amagwira bwino ntchito akakhala pakati pa mamiligalamu 10 ndi 20 pa lita imodzi ya magazi. Vuto lake n'lakuti chiwindi chimafika polephera kuwaphwanya onse, ndiye kungowonjezera mlingo pang'ono, m'magazi amakwera modumpha. Carbamazepine ndi phenobarbitone nawonso amayezedwa chimodzimodzi.

Lithium, amene amapatsidwa kwa odwala matenda a maganizo osinthasintha, amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Munthu akatsegula m'mimba, akasanza, kapena akamamwa ibuprofen ndi diclofenac, mankhwalawa amaunjikana, ndipo manja amayamba kunjenjemera, mutu n'kusokonezeka. Enanso ndi digoxin wa mtima, jakisoni wa gentamicin amene akachuluka amawononga impso ndi makutu, komanso tacrolimus amene amamwa anthu oikidwa impso ya munthu wina.

Kwa amene amamwa warfarin, monga omwe anaikidwa valavu yachitsulo mu mtima, ku labotale amayeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane. Zotsatira zake amazitcha INR, ndipo kwa odwala ambiri imafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3, ngakhale ena dokotala amawaikira yokwererapo. Ikatsika, magazi atha kuundana m'mitsempha. Ikakwera, munthu amatuluka magazi m'nkhama, m'mphuno, ngakhale mu ubongo. Ndiwo zamasamba monga bonongwe, mpiru ndi nkhwani zili ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Wodwala asazisiye, koma azidya mlingo wofanana sabata ndi sabata.

Nthawi ndi theka la zotsatira

Nambala ya ku labotale ilibe tanthauzo ngati nthawi yomwera mankhwala siikudziwika. Piritsi likangomwedwa, mankhwala amakwera m'magazi, kenako n'kumatsika. N'chifukwa chake magazi a lithium amatengedwa patatha maola 12 chimwereni, a digoxin patatha maola osachepera 6, ndipo ambiri amatengedwa mlingo wotsatira usanamwedwe. Wodwala amene wakhala masiku osamwa, n'kumeza mapiritsi m'mawa wa tsiku la sikelo poopa kukalipiridwa, amasokeretsa dokotala wake. Dokotalayo atha kuwonjezera kapena kuchepetsa mlingo potengera nambala yonama.

Mankhwala amalimbananso okhaokha, ndipo kuno kwathu nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amafulumizitsa chiwindi, moti mankhwala ena amatha msanga m'magazi. Ndiye chifukwa chake amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir akayamba mankhwala a TB amawonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir, lomwa patatha maola 12. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amachitanso zomwezo, ndipo amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olera ndi njira yolera ya pamkono. Mankhwala azitsamba ndi ogula ku golosale ayeneranso kutchulidwa kwa dokotala, popanda manyazi.

Zizindikiro za khansa m'magazi

Kuyeza kwina n'kofufuza tizinthu timene zotupa za khansa zimatulutsira m'magazi. Madokotala amatitchula ndi zilembo. PSA imachokera ku prostate ya abambo. AFP imakwera pa khansa ya chiwindi, imene kawirikawiri imatsatira matenda a hepatitis B. CEA, imene Phil Gold ndi Samuel Freedman anaitulukira ku Montreal m'chaka cha 1965, imathandiza pa khansa ya matumbo akuluakulu. CA-125, imene Robert Bast ndi anzake anaifotokoza mu 1981, ndi ya khansa ya matumba a mazira a amayi.

Phindu la zizindikirozi linaonekera bwino pa ntchito ya Min Chiu Li, dokotala wa ku National Cancer Institute ku America. Mu 1956 iye ankachiza amayi odwala choriocarcinoma, khansa yoyambira ku nsengwa, ndi mankhwala a methotrexate. Zotupa zinazimiririka pa zithunzi za X-ray, koma hCG, imene khansayo imatulutsa, inali isanathe m'thupi. Li anapitirizabe kupereka mankhwala mpaka nambalayo itatsikiratu. Akuluakulu ake anaona ngati akuzunza odwala amene achira kale, ndipo anamuchotsa ntchito. Pambuyo pake zinadziwika kuti ankalondola: mankhwala akasiyidwa msanga, khansayo inkabwerera. Mpaka lero mayi amene anali ndi mimba yopanda mwana, ija m'chiberekero mumangomera timatuza tambirimbiri ta madzi, amayezedwa hCG mobwerezabwereza akamuchapa m'mimba.

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni ya zizindikirozi: kulondola khansa imene yapezeka kale. Nambala ikamatsika pambuyo pa opaleshoni kapena mankhwala, ndiye kuti chithandizo chikugwira. Ikayambanso kukwera, dokotala amachenjezedwa wodwala asanamve kupweteka kulikonse. Zotsatira za tsiku limodzi sizinena zambiri. Zimalankhula zikaikidwa pambali pa za mwezi watha ndi za chaka chatha.

Pamene nambala imasokeretsa

Kukwera kwa nambala sikutanthauza khansa nthawi zonse. PSA imakwera prostate ikangokula chifukwa cha ukalamba, ikagwidwa ndi majeremusi, kapena munthu akaikidwa paipi ya mkodzo. CEA imakhala yokwererapo kwa osuta fodya. AFP imakwera kwa mayi woyembekezera. CA-125 imadutsa malire ake a 35 pa nthawi ya msambo, pa zotupa wamba za m'chiberekero, komanso pa TB ya m'mimba. Mayi wotupa mimba, woonda, wa CA-125 yokwera, atha kukhala ndi TB imene imachizika ndi mapiritsi.

Choopsa kwambiri ndi mbali inayo. Pafupifupi theka la amayi amene khansa ya matumba a mazira yangowayamba kumene amakhala ndi CA-125 yabwinobwino. Ndipo khansa zimene zikuvutitsa kwambiri a Malawi, ya khomo la chiberekero, ya kummero, ya m'mawere ndi Kaposi sarcoma, sizipezeka ndi kuyeza kumeneku. Ya khomo la chiberekero imapezeka pounika khomolo atapaka viniga, kapena poyeza kachilombo ka HPV. Ya kummero imaonedwa ndi kapaipi ka kamera. Chotsimikizira khansa zambiri ndi kudula kanyama ka chotupacho n'kukaunika ndi maikulosikopu, ntchito imene imachitika m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central ku Blantyre.

Kuyeza mlingo wa mankhwala ndi zizindikiro za khansa sikupezeka pa chipatala chilichonse, ndipo m'malabotale olipira mtengo wake ndi wokwera. Choncho ndalama ndi ulendo zisapite pachabe. Wodwala afunse kuti kuyezako kuyankha funso lanji, alembe nthawi imene anamwa piritsi lomaliza, aonetsetse kuti zotsatira zalembedwa m'kabuku ka kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka aziyezetsa pa labotale yomweyo, poti makina osiyana amapereka manambala osiyana pang'ono. Asasinthe yekha mlingo chifukwa cha nambala imene waiwerenga pa pepala.

Amene akulephera kumeza nsima, amene wapeza chotupa m'bere, kapena mayi amene akutaya magazi pambuyo pogonana kapena atasiya kale kusamba, asakhale pansi chifukwa anauzidwa kuti magazi ali bwino. Apite akamuunike pamalo pomwe pakuvutapo, sabata yomwe ino. Khansa yopezeka ikungoyamba kawirikawiri imachizika, ndipo miyezi imene munthu amataya podalira pepala la ku labotale ndi yomwe chotupa chimakulira.