Kodi mumadziwa? Cheza chopha khansa chimatha kulowetsedwa m'chotupa mwenimwenimo

Ambiri akamva za kuwotcha khansa amaganiza za chimakina chowombera cheza kuchokera kunja kwa thupi. Koma ilipo njira ina, brachytherapy. Dokotala amalowetsa timachubu topyapyala m'chotupa cha pa lilime, pa mlomo kapena m'mnofu, ndipo ngati khansa ili pakhungu amangosanjika kachikombole pamwamba pake. Kenako makina amayendetsa m'timachubuto kachitsulo kotulutsa cheza ka iridium-192, kochepa ngati njere ya mpunga, kwa mphindi zowerengeka n'kukabweza. Chezacho chimafooka msanga chikangotalikira pang'ono, motero chotupa chimapsa koma mnofu wabwino wapafupi umapulumuka. Kachitsuloko kakachotsedwa, wodwala satsala ndi cheza m'thupi. Musaope kudya naye mbale imodzi.

Luso limeneli ndi lakale. Marie ndi Pierre Curie adatulukira radium, imene nayonso imatulutsa cheza, mu 1898, ndipo mu 1901 dokotala wa ku Paris, Henri-Alexandre Danlos, adayamba kuiika pa zilonda za pakhungu. Chovuta lero n'chakuti mphamvu ya iridium imatsika ndi theka pa masiku 74 alionse, choncho chipatala chimayenera kuitanitsa ina kunja pakapita miyezi itatu kapena inayi.

Njirayi imathandiza chotupa chikadali chaching'ono. Izi zikukhudza kwambiri abale athu achialubino a ku Kachulu ndi pachilumba cha Chisi, kumene dzuwa la panyanja ya Chilwa limaswa mtengo n'kumawayambitsira khansa ya pakhungu. Chilonda chosapola pakhungu kapena mkamwa musachisunge. Kachionetseni ku Zomba Central Hospital msanga.