Kuyesa Miyeso ya Kumwamba

Ana inu a ku Nakatindi mudziwa kutentha kwa mwezi wa October mu Livingstone, pamene anthu onse ayang'ana kumwamba kufuna mitambo. Kutali kupitirira mitamboyo kuli makina ochedwa satelaiti, amene ayesa kutentha ndi cinyezi ca mumlengalenga. Satelaiti yoyamba yojambula mitambo bwino, TIROS-1, inaponyedwa ndi anthu a ku America m'caka ca 1960.

Satelaiti sikhudza mpweya ai. Ingomva kutentha kocokera pansi, monga munthu amva moto ali cakutali. Ikakalamba, muyeso wace ukhoza kusokera pang'ono.

Cifukwa cace akatswiri akweza cibaluni codzazidwa ndi mpweya wopepuka, atamangirirako kabokosi kochedwa radiosonde. Cibalunico cikwera makilomita ngati 30 cisanaphulike, ndipo kabokosiko kayesa mpweya weniweniwo ndi kutumiza ziwerengero pa wailesi. Pamenepo alinganiza ziwerengerozo ndi za satelaiti, ndi kukonza polakwa. M'caka ca 2000 akatswiri a SAFARI 2000 anayesa satelaiti Terra ndi zipangizo zimene anaziika ku Mongu.

Nyengo isintha pang'onopang'ono pa zaka zambiri, ndipo muyeso wonama ukhoza kubisa kusinthako. Cilala ca 2024, cimene cinaumitsa cimanga ndi kucepetsa magetsi a ku Kariba, citiphunzitsa kufunika kwa muyeso woona.

Mafunso
1. Kodi radiosonde igwira nchito yanji?
2. Cifukwa ninji satelaiti iyenera kuyesedwa?